Mbali ya Girizi

3 Malichi

Mwana wanga,

Wolemba ndine bambo ako, mwini galaja ya pafupi ndi mlatho, wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi. Ndikudzitchula choncho chifukwa papita nthawi usanaone dzanja langa, ungayese ndi munthu wina. Zilembo ndi zomwe zija ndinaphunzira pa mabokosi a mapulagi, sizinasinthe. Ukaona mzere wapendekeka, dziwa kuti ndi tebulo.

Uli bwanji kutaliko? Apongozi ali bwanji, ndi ana awiri aja amene ndimangowaonera pa foni ya mlongo wako? Kuno tadzuka. Mlongo wako akusokabe pakhonde la galaja, makina ake akusokosa kuposa injini zanga. Pa foni usandiyimbire. Makutu anatha ndi ntchito, ndimangoti ee, ee, osamva kanthu. Kalata ndiye ndimaimva.

Nkhani ndi iyi. Galimoto ya malemu mayi ako, yobiriwira ija, yadwala. Manifodi ya ekizozi, chibuluma chija cholandira utsi wochoka mu injini, yang'aluka pakati. Ndinaiwotcherera kawiri, kawiri konse yang'alukanso, poti chitsulo cha mtundu umenewu sichimvana ndi moto. Ndayenda kwa ogulitsa zakale onse, palibe yolowa. Ukudziwa kuti hedi, mutu wa injiniyi, si yobadwa nayo. Ndinaika ya galimoto ina kalekale, mabowo ake otulukira utsi ndinawakulitsa ndekha ndi tupa. Ndiye ya kusitolo singakhalepo. Pano galimoto ili pamiyala, nkhuku za eni ake zikuikira pampando.

Mlongo wako akuti kumeneko ntchito yako ndi yopanga mapaipi a ekizozi a galimoto zampikisano. Sindikupempha kanthu. Ndikungokuuza kuti udziwe momwe kulili kwanu.

Undiuze za ana. Wamkulu ali kalasi yanji?

Ndine bambo ako.

28 Malichi

Bambo,

Kalata yanu ndalandira. Ndinaiwerengera pakhomo, nsapato ndisanavule. Tonse tili bwino. Wamkulu ali kalasi yachinayi, wamng'ono wagweruka mano awiri ndipo akuti agogo ake awaone asanamere ena.

Mwati simukupempha kanthu, ndamva. Wopempha ndine. Mundilole ndipangire galimoto ya amayi mapaipi ake. Sindipanga chibuluma chimodzi ngati chakalecho ayi. Ndipanga mapaipi anayi, bowo lililonse la hedi paipi yakeyake, onse kukakumana pansi. Onse anayi amawotchereredwa pa chitsulo chimodzi chafulati, chimene chimamangidwa ku hedi, ndipo ntchito yonse yagona pa chitsulo chimenecho. Mabowo ake ayenera kupenyana ndi a hedi. Bowo la paipi likakulirapo pang'ono si mlandu. Koma likapatuka, utsi umawomba m'mphepete mwa chitsulo, moto umadya gasiketi yotseka pakati pa chitsulocho ndi hedi, mphamvu imathera pomwepo. Izi mukuzidziwa kuposa ine. Munandiphunzitsa ndinu, ngakhale tsiku lake sindikonda kulikumbukira.

Chithunzi cha pa foni sichingandipatse muyeso. Chonde pakani girizi pa hedi, ikanipo katoni, muigogode monga mumachitira podula gasiketi. Munditumizire katoni yomweyo. Musaipukute, musaikopere pena. Girizi ndi amene adzandiuze mbali imene inagunda hedi.

Mu Disembala ndili ndi tchuthi. Ndikufuna ndibwere ndi mayi a ana ndi ana omwe. Mudzatitengere pa depoti ndi galimoto ya amayi, ndidzaimve ikulira ndi mapaipi anga.

Ndine mwana wanu.

19 Epulo

Mwana wanga,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino nonse. Wamng'onoyo umuuze kuti agogo ake nawonso agweruka, tidzawerengana.

Ntchito ndagwira. Ndinapala hedi mpaka kuwala, ndinapaka girizi ndi chala, ndinabaya katoni pa mabawuti onse kuti isasunthe. Kenako kahamala kanga ka mutu wozungulira, pang'onopang'ono, go, go, go, kuzungulira bowo lililonse mpaka kachidutswa kagwera mkati kokha. Zinanditengera m'mawa wonse. Kale inali ntchito yodikirira madzi a tiyi awire.

Koma katoniyo sindinatumize. Ndi ya bokosi la sopo, yakuda bii, yonunkha. Kumeneko mlongo wako akuti mumagwira ntchito mutavala zoyera, pansi pake ngati kuchipatala. Sindingalole anzako aone chinthu chotere nkumati bambo ako amatola m'dzala. Ndakopera bwinobwino pa pepala loyera lolimba, ndi pensulo yosongoka, osaphonya ngakhale tsitsi. Ndalembapo kumwamba ndi kutsogolo.

Disembala ndayamba kale kumuwerengera.

Ndine bambo ako.

9 Meyi

Bambo,

Pepala lafika, ndi looneka bwino. Koma mundikhululukire, ndifunse kamodzi ndisanadule chitsulo. Popeza palibe girizi, sindikudziwa mbali. Kodi chojambulachi chili monga momwe munthu amaionera hedi ataimirira pambali pa galimoto? Pokopera, katoni munaigoneka mbali iti? Ngati ikadalipo, itumizeni, ndidikira.

Ndine mwana wanu.

27 Meyi

Mwana wanga,

Magasiketi ndinayamba kudula mayi ako ndisanawadziwe. Pepalalo lili monga diso limaonera. Dula chitsulo.

Bambo ako.

30 Julayi

Mwana wanga,

Moni ndikupatsa, koma mtima suli bwino.

Katundu wako anafika Lolemba. Potsegula bokosi anthu anaunjikana. Wamatayala anasiya tayala la mwini wake lili mbee, wowotcherera wa tsidya la msewu anabwera atakweza magalasi pachipumi. Anasisita mapaipi, akuti msoko wotere sanauonepo, ngati mamba a nsomba. Ine ndinati, ndi mwana wanga ameneyo. Ndinanena kawiri.

Mabawuti onse analowa. Ndinamanga kuyambira pakati kupita kunja. Nditaliza injini, m'malo mwa kulira, inayamba tse, tse, tse, ngati munthu wolavula nthanga. Utsi unatulukira m'mbali. Ndinazimitsa, ndinamasula anthu onse akuona. Pa gasiketi yatsopano panali mwaye, bowo lililonse kachidutswa kakuda ngati mwezi wongooneka kumene, konse mbali imodzi. Mabowo ako onse anayi apatuka. A hedi atsamira kutsogolo, ako atsamira kumbuyo.

Wamatayala anaseka. Akuti, madala, kunjako mwina magalimoto amapumira chammbali. Wowotcherera sanaseke, anangotsitsa magalasi nkuwoloka msewu. Kuteroko kunandiwawa kuposa kuseka.

Amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iwe wasambira maiwe awiri, koma ndaona kuti ukadali yemwe uja. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo unaika gasiketi chozondotsa pa galimoto ya dokotala wa ziweto, inapsa asanafike ndi pamlatho pomwe. Tsiku lija ndinakutcha Chozondotsa anthu ali pomwepo, ndipo mayi ako anandikwiyira mwezi wathunthu. Lero ndikuona kuti dzinalo silinaphonye. Gasiketi yako yopsa ija ikadali pamsomali, pamwamba pa vaisi yopanira zitsulo, pomwe ndinaipachika.

Ndikonza ndekha ndi tupa.

Bambo ako.

2 Okutobala

Achimwene,

Muli bwanji inu ndi alamu ndi ana? Ndine mlongo wanu, wa makina osokera. Sindizolowera kukulemberani, koma foni yanga mukungoiyang'ana ikulira, ndiye ndati nditsate njira ya madala.

Miyezi iwiri tsopano palibe kalata yanu. Bambo akupita ku positi Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse. Amati akukagula mabawuti. Achimwene, munamvapo kuti ku positi amagulitsa mabawuti? Akabwerako amangokhala pa chitini chawo chija.

Kalata imene anakulemberani sindinaione isanapite. Ndikanaiona ndikanaisokerera m'kati mwa pilo, ikanapezeka tonse titafa. Ndinamva okha akudzitama kwa wamatayala kuti akuuzani zoona. Ndinawafunsa kuti, bambo, munthu wa imvi, wa ana awiri, mukumukumbutsabe gasiketi ya ali ndi zaka makumi awiri? Anati za zitsulo ndizisiye, ndidziwe za mabatani.

Mapaipi anu anawamanga pa vaisi, akuwapala tsiku ndi tsiku. Mabowo awiri awakulitsa mpaka m'mphepete mwapyapyala ngati chivundikiro cha chitini. Tupa akuterereka, zala zonse ndi zilonda. Ndikawauza kuti apume amati Disembala wayandikira. Apenta galimoto. Achapa mipando, athamangitsa nkhuku. Abwereka kwa aneba matiresi awiri a ana.

Ndiuzeni zoona, mukubwera kapena ayi? Ndisamangowaonerera nkhalamba akukolopa chipinda chopanda wogonamo.

Mlongo wanu.

21 Okutobala

Mlongo wanga,

Zikomo pondilembera. Ana ali bwino, mlamu wako akupereka moni.

Chitsulo chija ndinachiyeza katatu ndisanadule. Abwana anga anachiyezanso, poti ndinawauza kuti ndi cha bambo anga. Ndinachipanga masiku opuma okhaokha, milungu isanu ndi umodzi. Pepala lawo ndalibweza m'kalata muno. Aliike pa chitsulocho aone ngati ndaphonya ngakhale tsitsi, monga amanenera eni ake.

Disembala sitibwera. Ine dzina lija ndinalizolowera, ndinachoka nalo, ndakalamba nalo. Koma sindingatenge ana anga ulendo wa masiku awiri kuti akaime m'galaja, aone chinthu chopsa pamsomali, afunse, wamatayala awafotokozere. Kuno amadziwa kuti bambo awo ndi mmisiri.

Uwauze mwa njira yako. Uwagulire mankhwala a zilondazo.

Mchimwene wako.

10 Novembala

Mwana wanga,

Ndine bambo ako, yemwe uja wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi chimodzi. Kalata ino ndayamba Lachitatu, lero ndi Loweruka. Mapepala atatu ndang'amba. Uiwerenge mpaka pansi, ngakhale utandikwiyira.

Uli bwanji? Apongozi ali bwanji? Ana?

Mlongo wako anandiwerengera kalata yako yonse, sanadumphe mawu. Atamaliza anandipatsa pepala langa loyera. Ndinati bwera nalo, ndimuonetse pomwe waphonya. Ndinaliika pa chitsulo chako, kumbali ya mapaipi, monga diso limaonera. Mabowo awiri amene sindinawakhudze anakhala ndendende pamzere wa pensulo yanga. Ndinayesa kulisuntha kuti ndipeze cholakwa. Panalibe.

Ndinaika pepalalo pambali. Mlongo wako anali pakhomo, lumo lili m'manja. Anati, bambo, katoni ija ili kuti? Ndinati ili kuseri kwa chitseko. Anati, tsiku lomwe munkakopera munakopera pa tebulo langa lodulira nsalu, mukukumbuka? Ndinati ndikukumbuka. Anati, ndinakukalipirani kuti musandidetsere tebulo, panali nsalu yoyera ya mwini wake. Inu munatani?

Mwana wanga, ndinakumbuka. Ndinkafuna kuigoneka katoni monga inakhalira pa hedi, girizi pansi. Koma girizi akanadetsa pepala langa loyera, ndi tebulo lomwe. Ndiye ndinaitembenuza, girizi kumwamba, mbali yoyera pansi. Ndinajambula mosamala kwambiri chinthu chotembenuka. Mawu akuti kutsogolo sindinawaone pa katoni, ndinawalemba kuchokera m'mutu.

Mlongo wako anati, ifetu a mabatani timadziwa kuti pateni yodulira nsalu ukaitembenuza, mkono wa kumanja umatuluka wa kumanzere. Sananene mokweza. Akanakalipa zikanapepukako.

Ndinakatenga katoni ija. Pa hedi inakhala bwino girizi ali mkati. Pa chitsulo chako inakhala bwino girizi atayang'ana mapaipi, mbali imene sinayenera kuwagunda. Bowo ndi bowo, bawuti ndi bawuti. Unapanga ndendende chimene ndinakutumizira. Zaka zanga zonse sindinaonepo ntchito yolondola chotero, ndipo ine ndaidya ndi tupa miyezi itatu.

Unandiuza kuti ndisakopere pena. Ndinakopera. Unandifunsa mwaulemu kuti ndinaigoneka mbali iti. Ndinakuyankha mizere iwiri ngati ndikuyankha wopempha moto. Katoni inali kuseri kwa chitseko, masitepe anayi kuchoka pomwe ndinalembera. Sindinadzuke kukaiona, chifukwa wofunsayo unali iwe.

Ndinachita manyazi ndi girizi. Girizi ameneyu ndi amene anakulera, ndi amene anamanga nyumba imene unabadwiramo. Ndinaopa kuti anzako ovala zoyera andiseka, anthu oti sindidzawaona mpaka kufa. Poopa kusekedwa ndi alendo ndakunyoza iwe.

Pali china chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mayi ako anapita osachidziwa. Gasiketi ya dokotala wa ziweto ija unaiika ndiwe, ndi zoona. Koma pomanga mabawuti omaliza ndinalipo, ndinasuzumira, ndinati zili bwino, tsitsa boneti. Ndinali ndikucheza ndi dokotalayo za ng'ombe zake. Atabwerera galimoto ikufuka, anthu atadzaza pakhomo, ndinaona kuti wina ayenera kusenza manyaziwo. Unali pafupi, unali mwana, sukanandiyankha. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Anga agonera zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, angowola.

Dzulo ndinaitana wamatayala ndi wowotcherera. Ndinawaonetsa katoni, ndinawaonetsa pepala, ndinatembenuza iwo akuona. Wamatayala anayamba kuseka, kenako anaona nkhope yanga, anakhosomola. Anati, ndiye madala, dzina lija likhala la ndani? Ndinati ubwere nalo kuno, ndi langa, ndinangolibwereketsa kwa mwana.

Wowotcherera anayang'ana mapaipi nthawi yaitali. Akuti ndikanapanda kupala, ikanakhala ntchito yaing'ono, kudula mapaipi, kutembenuza chitsulo chafulati, kuwotchereranso. Koma mabowo awiri ndawadya mpaka gasiketi ilibe pogwira. Mapaipi eni ake ali bwino. Chafa ndi chitsulo chafulati chokha. Akuti iye msoko wako sangauyerekeze, ndipo sakufuna kuika dzanja lake pa ntchito ya mmisiri. Ananena choncho, mmisiri.

Gasiketi yako ndaichotsa pamsomali. Pakhoma patsala chithunzi chake choyera, poti utsi wa zaka zonsezi unadetsa pozungulira. Sindinaitaye. Ndinakaikwirira kuseri, pansi pa mtengo umene mayi ako ankayanikapo zovala. Pamsomalipo ndapachika pepala langa loyera. Aliyense wolowa akumafunsa kuti chojambula chokongolachi ndi chiyani. Ndikumawauza. Lero ndauza anthu anayi, ndipo sizikupepuka.

M'phukusi lino muli katoni ija. Sindinaipukute. Ndaikulunga m'pulasitiki kuti isadetse kalata, basi. Ndi ya bokosi la sopo, ikununkha monga ndimanunkhira ine. Anzako akafunsa uwauze kuti ndi ya bambo ako. Mbali yakuda ndi imene inagunda hedi.

Sindikukuuza kuti upange china. Ulendo woyamba ndinati sindikupempha kanthu, linali bodza, ndinkapempha. Lero ndikupempha poyera, koma osati chitsulo. Galimoto ikhoza kukhala pamiyala, nkhuku zibwerere. Pa depoti ndikhoza kubwera wapansi, ndidzasenza chikwama cha wamng'onoyo. Matiresi sindinabweze kwa aneba.

Ngati Disembala ndakuonongera, ndamva, sindikutsutsa. Koma undiyankhe, mwana wanga. Ngakhale mizere iwiri yokha, yonga ija ndinakulembera ine. Lachiwiri ndidzapita ku positi, ndipo mlongo wako ndamuuza kale kuti si za mabawuti.

Ndine bambo ako.